Mtsinje Uno ndi Uti?

Magetsi apita, mafoni anu atha moto, ndiye mwakumbuka kuti anti Falesi ali ndi pakamwa. Chabwino. Kokerani mbaulayo kuno. Iwe amene ukungosisita foni yozimayo ngati idzuka, iike pansi, chifukwa nkhaniyi ikukhudza iwe wamagemu kuposa anzako. Ndikayamba sindifuna wondidula ndi mafunso.

Ndili ndi mlongo wanga Mzati, chitsirizira m'mimba mwa amayi. Nthawi imeneyo tinkakhala ku Zingwangwa, ine nyumba yakutsogolo ndi makina anga osokera pakhonde, iye ndi mkazi wake Ndaziona m'kanyumba kakuseri. Masana ankakonza makompyuta m'tauni. Akaweruka, iye ndi mnzake Lonjezo ankakhalira chinthu chomwe ine ndinkachitcha chibwana cha anthu a ndevu. Anatenga gemu ya pakompyuta yopangidwa kale kunja, n'kuisomola monga ndimachitira ndi jekete yapakaunjika. Anachotsamo zipinda za eni ake n'kumangamo zawo, kuikamo nkhani yawo ndi mawu a Chichewa. Iwo ankati imeneyo ndi modi. Sankagulitsa ayi, ankangoika pa intaneti kuti okonda gemuyo azitenga ulere.

Gemu yake inali yotere. Umadzuka uli wekhawekha m'chombo chachikulu choyandama pakati pa nyenyezi. Dzina lako sukulikumbuka. Anzako onse kulibe, angosiya makapu a tiyi patebulo. Chipinda chilichonse n'chokhoma, ndipo kuti chitseko chitseguke uyenera kuswa mutu, kukankha mabokosi, kulozetsa kuwala pa magalasi, kuyatsa nyali motsatana bwino. Ndiye pali mawu a munthu wamkazi ochokera m'makoma, amene amakutsogolera.

Tsiku lina ndinalowa kukabwereka machesi ndipo ndinapeza Mzati ndi Lonjezo akukangana za gemuyo. Ndinafunsa kuti, "Nanga munthu wamkulu angadzuke bwanji ataiwala dzina lake? Analedzera?"

Lonjezo anaseka. "Achemwali, magemu oterewa amayenda njira imodzi onse. Woseweretsa adzuke ataiwala, chombo chikhale chopanda anthu, pakhoma pakhale zolemba za amene anadutsa kale, ndiye pakhale mawu okutsogolera. Anthu amazidziwa zimenezi, ndipo mukazichotsa amadandaula. Chatiimitsa ife ndi mathero."

"Mathero avuta chiyani?"

"Alipo awiri basi. Mwina upeza kuti mawu aja amakunamiza, ndiye uwazimitsa n'kuthawa. Apo ayi, mawuwo ndi abwino, amazima okha kuti chitseko chomaliza chikutsegukire. Ine ndikufuna oyambawo, Mzati akufuna achiwiriwo. Koma kulikonseko mawu aja sapulumuka."

Ndaziona anali pampasa akusadzula masamba. Anadzutsa mutu n'kunena kuti, "Ndiye kuti mkazi azifa nthawi zonse kuti bambo atuluke? Ngati ndi choncho mundiguliretu nsalu yabwino yodzandifunditsa."

Ndinamukalipira pomwepo. "Iwe, pakamwa pakopo. Zinthu zimenezo sanena." Iye anangoseka, chifukwa anali munthu woseka chilichonse, ngakhale mbale ikasweka.

Mawu a m'gemumo anali ake. Anyamatawo analibe zipangizo, ndiye pojambula mawu ankamulowetsa m'wadiropu, n'kumufunditsa bulangete lofiira lija la pa ukwati wawo kuti tambala wa aneba asamveke. Mwezi wa Okutobala, m'nyumba yamalata, munthu ali m'bulangete. Ine ankandiletsa kupalasa makina mpaka amalize. Ndinkangokhala pakhonde manja ali pamiyendo, kumamva mlamu wanga akulankhula m'wadiropu ndi mawu aulemu ngati wa pawailesi: "Ndili pano, musaope." "Yesaninso." "Chitseko chakumanzere chatseguka." Anajambula zonse kupatula za kumapeto, poti amuna awiri aja anali asanagwirizane.

Mvula itayamba Ndaziona anadwala malungo, aja okwera kumutu. Tinathamanga naye kuchipatala, koma sabata isanathe anatisiya. Sindifuna kukhalitsa pamenepa chifukwa mpaka lero pamandiwawa. Tinanyamula maliro pa lole kupita kwawo ku Ntcheu, achinyamata a kwaya ya kutchalitchi atazungulira bokosi, kuimba kuchokera m'tauni mpaka kumudzi osapuma. Anaimba bwino, zoona. Malume ake, a Kamphinda, amene amagulitsa mbatata ya kachewere, uthenga unawapeza mochedwa ali kutsidya ku Mozambiki. Anafika anthu akufotsera kale.

Titabwerako Mzati anakhala pa laputopu yake. Poyamba ndinati bola zimenezi kusiyana ndi kachasu. Koma tsiku loyamba kumva mawu a Ndaziona akubowola khoma, akuti "Ndili pano, musaope," sizasi inandipulumuka n'kundilasa chala chakuphazi. Ndinadziuza kuti ndi zojambula zija, ndipo ndinazolowera monga munthu amazolowera dzino lobowoka.

Kenako tinthu tinayamba. Katundu wa malemu tinali titapereka kwa abale ake, koma patapata wake wobiriwira anatsalira kuseri kwa chitseko. M'mawa wina ndinamupeza ali pakhomo pa Mzati, atayalidwa bwinobwino, zala zitaloza kunja ngati munthu akufuna kuvala kuti atuluke. Ndinamulowetsa pansi pa bedi. Kutacha anali pakhomo pomwe paja. Bulangete lofiira ndinalichapa ndekha n'kulipinda m'sutikesi yanga, kunyumba kwanga, kuti ndidzatumize kwa mayi ake. Litasowa ndinalipeza m'wadiropu mwa Mzati, litakolekedwa monga ankachitira pojambula. Nditaligwira linali lofunda. Mzati analumbira kuti sanalikhudze, ndipo ndinamukhulupirira, chifukwa masiku amenewo sankadzuka n'komwe pampando paja.

Kuntchito anasiya kupita. Chakudya ndikamusiyira pakhomo ndinkachipeza nyerere zitachizinga. Galu wa aneba, amene ankakonda kugona pamthunzi wa kanyumba kaja, anayamba kulambalala, kumadutsa cha kumpanda mchira uli pakati pa miyendo.

Tsiku limene ndinachita mantha enieni kunali masana, dzuwa lili paliwombo. Magetsi anali atathima kuyambira m'mawa, dera lonse lili zii, wailesi kulibe, chigayo chili chete. Muyenera kudziwa kuti laputopu ya Mzati batire yake inafa kalekale, ikangochoka ku magetsi imazima nthawi yomweyo. Iye anali atagona chafufumimba pansi, ndinkamuona pawindo. Ine ndinkayanika mayunifomu pachingwe.

Ndiye ndinamva, pang'onopang'ono, kuchokera m'nyumba muja: "Tikupita kuti?"

Sanali mawu aulemu a pawailesi aja. Anali mawu ake a masiku onse, amene ankandifunsira ngati ndili ndi mchere. Ndinaima ndi malaya onyowa m'manja, madzi akundiyenderera m'mikono. Panapita kanthawi, kenako anafunsanso.

"Mtsinje uno ndi uti?"

Ine sindidziwa zambiri za nyenyezi, koma ndikudziwa kuti m'chombo chawo chija munalibe mtsinje.

Madzulo ake Lonjezo anabwera, koma sanapite kuseri kwa mnzake. Anakhala pa benchi yanga ya makasitomala, nkhope itagwa.

"Achemwali, mbali yoyamba ya gemu ija tinaiika pa intaneti mlamu asanadwale. Tsopano anthu akutilembera, ena a kunja osadziwa n'Chichewa chomwe. Akuyamikira mawu atsopano amene taonjezera. Akuti akuwachititsa mantha bwino, akufunsa tanthauzo lake."

"Ndiye munaonjezeradi?"

"Sitinakhudze kalikonse. Ndafufuza zojambula zonse, chimodzichimodzi. Palibe pomwe mlamu ananena za mtsinje." Anapukuta thukuta pamphumi. "Pali chinanso. Mzati wachotsa chitseko chomaliza. Chipinda chomaliza wachilumikiza ku choyamba. Munthu ukamaliza umangopezeka wayambiranso, kumangozungulira. Ndamuuza kuti gemu siikhala yopanda mathero, iye wanditulutsa."

Ndinapita komweko osagogoda. M'nyumba munkanunkha ngati munthu wodwala. Mlongo wanga, amene anali ndi masaya ngati mwana wa mkaka, anali atatha, milomo itang'ambika, kolala ya malaya ikulendewera. Magetsi anali atabwera, ndipo pa galasi la laputopu kamunthu kake kankayenda m'kanjira kachitsulo kopanda mapeto.

"Iwe Mzati, ukufuna undiphe ndi mtima? Idya."

"Sindikumva njala, achemwali."

"Nanga chitseko wachotseranji?"

Anachotsa maso pa laputopu. "Mathero onse awiri amafuna kuti azime. Ndinamuika m'manda kamodzi. Kawiri sindingathe." Kenako anatsitsa mawu ngati akuopa kuti wina amva. "Koma akuvutika. Akumandifunsa njira. Ndiye ndimaganiza kuti mwina ndingopita, ndikamuperekeze. Kuno ndikuchitanso chiyani?"

Analankhula mofatsa, ngati akunena zopita ku Limbe. Apo m'pamene ndinadziwa kuti mlongo wanga akufa ine ndikuona, ndipo ndikapanda kuchitapo kanthu mvula yomweyi tinyamula bokosi lachiwiri. Ndinalira usiku umenewo, ndipo ndinakwiyanso, kukwiyira iye, Lonjezo, ngakhale malemu amene.

Mwamwayi a Kamphinda ankabwera m'tauni ndi matumba a mbatata kumsika waukulu. Ndinakawapeza ali pamwamba pa lole akutukwanizana ndi otsitsa katundu. Si munthu wa mankhwala kapena wa maula ayi, ndi wamalonda wamkamwa moyipa basi. Nditawafotokozera anati, "Zamakompyuta ine ndizidziwira kuti?" Koma anabwera.

Atafika pakhomo anaona patapata uja n'kuima. Sanalowe. Anatchera khutu, ndipo ngati kuti ankawadikira, mawu aja anabwera kuchokera m'kati: "Mtsinje uno ndi uti?"

A Kamphinda anavula chipewa. Anatembenukira kwa ine.

"Mayi, tsiku lija pa lole, pafupi ndi bokosi anakhala ndani?"

"A kwaya."

"Anamuuza ndani?"

"Kumuuza chiyani?"

A Kamphinda anagwira pakamwa. "Kwathu maliro sanyamula ngati thumba la mbatata. Wachibale amakhala kumutu kwa bokosi n'kumamuuza. Tikunyamuka. Tikuwoloka mtsinje wakuti. Tafika pakhomo. Akapanda kuuzidwa, thupi limafika koma mwini wake amatsala, ndipo mtsinje sawoloka yekha. Inu munanyamula matabwa, mwana wa mlongo wanga munamusiya kuno."

Analowa, Mzati n'kuimirira mwaulemu. Lonjezo, amene ndinali nditamuitana, anafotokoza za chitseko chochotsedwa chija. A Kamphinda anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Ndiye munthu wasochera kale, wabwerera kumene kuli mawu ake, iwe mkamwini n'kumutsekera m'nyumba yopanda khomo lotulukira?"

"Ndikumusunga, amalume," anatero Mzati. "Muno sangafenso."

M'chipindamo munangomveka kulira kwa kafani ka laputopu. Kenako mawu anatuluka, otsika, otopa, ngati a munthu amene wayenda tsiku lonse ndi mtolo pamutu.

"Muno ndadutsamo kale, a Mzati."

Mlongo wanga anakhala pansi, pasimenti penipeni, n'kuphimba nkhope. Kuyambira tsiku la maliro ndinali ndisanamuonepo akulira.

A Kamphinda anati mwa mwambo tikanatenga kanthambi pamalo pomwe anatsirizikira, n'kumunyamulirapo. "Koma uyu pa nthambi palibe. Ali m'chimakina chakochi, ndiye chimenechi ndi chimene tinyamule. Wonyamula ndiwe, poti wotseka ndiwe. Mvetsa bwino. Panjira usalankhule ndi munthu wina aliyense, usacheuke. Uzimuitana ndi chiwongo chake, Nangozo, osati timaina tanu tam'nyumba. Uzimuuza njira basi. Akakufunsa china chosakhala njira, usayankhe. Ukayankha, udzawoloka naye kosabwerera."

Madzulo amenewo Mzati ndi Lonjezo anamanga chitseko chomaliza. Sanakanganenso. Anachipanga chamatabwa, chokhala ndi mpiringidzo, ngati cha nyumba ya mayi ake a Ndaziona, chitaima chokha pakati pa makoma achitsulo. Sanachitsegule.

M'mawa tinakwera minibasi ku Wenela. Laputopu yozima tinaikulunga m'bulangete lofiira lija n'kuiika pampando wapawindo, umene tinaulipira ngati wa munthu. Patapata tinamuika pansi pa mpandowo. Mzati anakhala pafupi, ine pambali pake, a Kamphinda kutsogolo ndi dalaivala. Injini italira Mzati anawerama n'kunena ndi mawu osasa, "Nangozo, tikunyamuka. Tikupita kwanu ku Ntcheu."

Kondakitala anali mnyamata wamakani. Tisanatuluke n'komwe m'tauni anayamba. "Bigi, katunduyo mumunyamule pamiyendo, pakhale munthu apo." Mzati anangoyang'ana kutsogolo. "Bigi, ndikulankhula ndi inu. Ndinu osamva?" Ndinamuuza kuti mpando ndi wolipira, atisiye. Anang'ung'udza mpaka ku Lunzu.

Pa Lunzu panakwera mayi wina wonenepa ndi dengu la tomato. Podutsa kupita kumbuyo anapunthwa pa patapata uja. Anatembenuka, n'kuyang'ana pamwamba pa bulangete paja, pomwe pakanakhala nkhope ya munthu, n'kunena kuti, "Pepani mayi, ndakupondani." Anakhala pansi osaona chachilendo chilichonse.

Kondakitala anayang'ana mayiyo, n'kuyang'ana mpando uja. Nthawi yomweyo matayala anagunda mlatho ndipo Mzati anati, "Nangozo, uno ndi Lunzu. Tikuwoloka." Mnyamata uja anatambasula dzanja n'kuzimitsa wailesi yekha. Kuchokera pamenepo m'minibasi munalibenso wolankhula. Bambo wina kumbuyo anavula kapusi. Anthu kwathu kuno zinthu izi amazidziwa, ngakhale amene amati sakhulupirira.

Pa Lirangwe anamuuza, tinadutsa bwino. Koma ine ndinkamuona mlongo wanga. Tikamayandikira ku Zalewa ankapuma mothamanga, dzanja lake lili pa bulangete, akulisisita monga amasisitira munthu wodwala. Kunkatentha, koma mbali yanga yoyang'ana kuwindo inkazizira ngati ndayandikira mtsuko wa madzi.

Tinalowa pa mlatho wa Shire. Madzi anali ofiira, odzaza ndi mvula, akukokolola zinyalala ndi mitengo. Ndinadikira kuti Mzati alankhule. Sanalankhule. Tinafika pakati, iye ali duu, milomo yatsekeka. Injini inatsokomola kawiri n'kuzima.

Dalaivala anapotokola kiyi. Palibe. Anapotokolanso. Kumbuyo kwathu galimoto zinayamba kuliza mahutala, koma phokoso lake linkamveka ngati lili kutali kwambiri. Chomwe chinkamveka pafupi ndi madzi pansi pathu. A Kamphinda sanacheuke, ndinangoona khosi lawo litauma.

Ndiye m'bulangete muja, m'makina ozima a batire yakufa, munatuluka mawu. Aliyense anawamva, musadzandiuze kuti ndinalota.

"A Mzati, mubwera nane?"

Mayi wa tomato anayamba kupemphera chapansipansi. Ine m'mutu mwanga munabwera mawu a Lonjezo, akuti mwina mawu amakunamiza, mwina ndi abwino. Sindinadziwe kuti awa ndi ati, ndipo mpaka lero sindidziwa. Mwina anali Ndaziona weniweni, akuopa madzi monga ankaopera ali moyo. Mwina chinali china chimene chimadikira pa mitsinje. Chomwe ndinadziwa n'chakuti pakamwa pa mlongo wanga panayamba kutseguka, ndipo ndinaona pa nkhope yake yankho limene ankafuna kupereka.

Kulankhula naye ndinaopa, kuti angandiyankhe ine n'kuswa mwambo. Ndiye ndinamugwira pamkono n'kumiza zikhadabo. Zikhadabo za telala, zolimba ndi kusomola misoko. Ndinamiza mpaka ndinamva kunyowa. Mumtima ndinkati, uli ndi thupi iwe, likumva kuwawa, ndiwe wa kuno.

"A Mzati," anaitananso mawu aja, mwachisoni chimene sindifuna kudzachimvanso. "Ndikuopa."

Misozi inkagwera pa malaya ake. Kenako anawerama mpaka mphumi yake inakhudza bulangete.

"Nangozo, uno ndi Shire," anatero. "Ndi waukulu koma mlatho ulipo. Tikuwoloka. Kutsidyako ndi njira ya kwanu, amayi akudikira."

Dalaivala anapotokola kiyi, injini n'kulira ngati sinazimepo. Titafika kutsidya ndinamva anthu onse akutulutsa mpweya nthawi imodzi. Kondakitala anali atagwira chitseko ndi manja awiri, maso ali pansi.

Pa Rivirivi anamuuza, pa Mpamadzi anamuuza, ndipo mawu ake ankamveka bwino kusiyana ndi m'mawa. Titatsika tinayenda wapansi, iye patsogolo atafukata bulangete, ife pambuyo. Ngakhale kakhwawa kouma kapafupi ndi mudzi anakatchula dzina, a Kamphinda atamunong'oneza kuchokera kumbuyo. Anthu amene tinkakumana nawo ankapatuka okha osapereka moni.

Kumanda tinalowa ndi abale ochepa, akuluakulu a pamudzi atavomera. Mayi ake a Ndaziona anaima cha kumbuyo pang'ono atagwirana ndi ine. Mtumbira unali utayamba kumera udzu. Mzati anagwada, n'kuyala patapata kumiyendo kwa mtumbirawo, zala zitaloza kumanda.

"Nangozo, tafika. Pano ndi kwanu."

Anafunyulula bulangete n'kutsegula laputopu. Kumanda kulibe magetsi, inu mukudziwa. Koma galasi linayaka, ndipo chitseko chamatabwa chija chinali pomwepo. Anadina, mpiringidzo n'kugwa, chitseko n'kutseguka. Zimene zinali kuseri kwake ine sindinazione, dzuwa linkawala pagalasipo. A Kamphinda anali pafupi, anaona, ndipo anatembenuzira nkhope kumbali. Sanandiuzepo, inenso sindinawafunse.

Chinatsala n'kuzimitsa. Chala cha Mzati chinafika pa batani n'kuima. Tinadikira. Mphepo inkagwedeza mitengo ya kumanda, nyerere zikukwera pa bondo lake, iye osasuntha. Ndinaona phewa lake likugwa ndipo ndinati basi, tayenda ulendo wonsewu pachabe, abwerera nacho chinthuchi kunyumba.

Ndiye Ndaziona analankhula komaliza. Mawu ake anamveka ophimbika, ngati ali m'wadiropu muja, ndipo munali kaphwete kake kaja.

"Basi a Mzati, zimitsani. Ndatopa ine, muno mukutentha."

Mayi ake anandifinya dzanja. Mzati anaseka, kuseka kosakanikirana ndi kulira, n'kunena kuti, "Pepani, ndakuchedwetsani." Anadina, galasi n'kuda.

Lonjezo amati mwina anali mawu otsalira pa tsiku lina lojambula, amene anaiwala kufufuta. Ine ndimangomuyang'ana. Amanenanso kuti sabata yomweyo anthu aja a pa intaneti anayamba kudandaula kuti gemu yawonongeka, mawu otsogolera asowa, m'chombo mwangoti zii. Anapempha kuti akonze. Palibe anakonza.

Madzulo a tsiku limenelo apongozi ake anamuwotchera chimanga chachiwisi. Anadya chimodzi, n'kupempha china. Ine ndinatuluka kukalirira kuseri kwa nkhokwe kuti asandione.

Tinabwerera m'mawa mwake, awiriwiri. Pampando wapawindo panakhala mnyamata wina ndi nkhuku yomanga miyendo. Mzati anagona tisanafike n'ku Balaka komwe, mutu uli paphewa panga, pamkono pali mabala a zikhadabo zanga. Kanali koyamba kumuona akugona tulo ta munthu. Koma matayala atangogunda mlatho wa Zalewa, ndinamumva akung'ung'udza ali m'tulo momwemo.

"Uno ndi Shire. Tikuwoloka."

Nkhuku ija inasiya kuphupha. Mbali yanga ya kuwindo inayamba kuzizira.

"Ndamva, achimwene," ndinatero mokweza, mpaka anthu anacheuka. "Ndine Falesi. Tikupita kunyumba."

Ndinayankha msanga kuti womuuza njirayo ndikhale ine, wina wosaoneka asananditsogole. Lero Mzati ali ndi mimba yake ngati bwana, mumamuona nokha akabwera kudzandisokoneza pano. Koma mpaka pano tikakwera limodzi kupita kumudzi, tikamayandikira mlatho umene uja, ndimayamba ndine kumulankhulitsa, za mitengo ya nsalu, za mpira, zilizonse, ndipo sindisiya mpaka titawoloka.